Kaduwa ka pa lupsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'masiku oyambirira a matipate, pamene maso a Adada anayamba kuchita chifunga chifukwa cha matenda a shuga. Iwo analondera nyama ku Nyika kwa zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito tinakhazikika kufupi ndi chipata cha Thazima.

Chaka chilichonse moto ukadutsa m'mapiri, timaluwa timatuluka pa lupsa mvula isanagwe. Mwa timaluwa timeneti munali kena ka buluu, kosaposa chikhadabo, kamene Adada ankakakonda. Chaka chimenecho ananena kuti akufuna kukaonanso maso asanatsekeke, koma miyendo yawo inali itatupa. Ndinawauza kuti ndipita ndikathyole.

"Ine ndinkagwira anthu othyola za m'menemo," anatero. "Ndiye lero wakuba akhale mwana wanga?"

M'malo mwake anaitanitsa a Chikadza, bambo wa ku Ntcheu amene ankayenda pa njinga kujambula maukwati ndi makwaya. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Madala, duwalo livala suti? Komanso kamera yangayi siona zapafupi."

Adada anavula magalasi awo owerengera, nati tiwamange ndi mphira kutsogolo kwa diso la kamera. Njira imeneyi anaionera kwa mlendo wina ku Chelinda, m'kati mwa Nyika.

M'mawa mwake, alonda a pachipata, anzawo a Adada, anatilola kulowa. Sitinapite patali. Tinakapeza kaduwako pamalo otsetsereka, pakati pa zitsa zakuda za udzu. A Chikadza anayang'ana phulusa, nayang'ananso buluku lawo.

"Gona iweyo, mphwanga. Ili ndi la ku ukwati wa Loweruka."

Ndinagona chafufumimba, chibwano chili m'phulusa. Fungo la udzu wopsa linandilowa m'mphuno. Ndinasendeza kamera pang'onopang'ono mpaka kaduwako kanadzaza diso lonse, koma ndisanadine, mphepo inakagwedeza.

"Usanditayire filimu," anatero a Chikadza. "Mphepo nayonso imatopa. Idikire."

Ndinadikira nthawi yaitali. Popeza panalibe china chochita, ndinangokhala ndikuyang'ana. Ndinaona timaubweya toyera pa kaphesi kake, kadontho kachikasu pakati, ndi timizere tofiirira tolowera m'kati. Kanyerere kanakwera, kanazungulira, n'kutsikanso. Mphepo itadukiza ndinagwira mpweya, n'kudina.

Chimene sitinachiganizire ndi chakuti filimu siichotsedwa isanadzaze. Inayenera kudikira maukwati ena, kenako ipite ku Mzuzu kukatsukidwa. Sabata zinapita. Adada anasiya kuwerenga Baibulo, kenako anayamba kutizindikira ndi mawu okha. Belu la njinga likalira kumsewu ankatukula mutu.

A Chikadza anabwera mvula itayamba kale. Chithunzicho chinatuluka bwino ndithu, kaduwa kaja katakula ngati chikhatho. Adada anachiyandikiza kumaso, nachitembenuzira ku kuwala kwa pakhomo. Anachigwira chadodolido, koma panalibe amene anawauza.

"Yewo chomene, a Chikadza," anatero.

Mlendoyo atapita, anandikodola kuti ndikhale pambali pawo.

"Sindikuona kanthu, mwana wanga. Tandiuza iwe."

Ndinayamba ndi mtundu wake. Iwo anafunsa za kaphesi, ndinawauza za timaubweya tija. Anafunsanso za kunsi kwa masamba, kumene sikunkaoneka m'chithunzi, ndipo ndinayankha kuti kunali kotuwa ngati kwawazidwa ufa. Ndinawauza ngakhale za kanyerere. Adada anamwetulira.

"Ndi komweko," anatero. "Ndakaona."

Lero ndili ndi foni imene imajambula duwa mosavuta, ndipo mulinso zithunzi zambiri zimene sindingathe kufotokoza zili m'menemo. Ndazindikira kuti mphepo ya tsiku lija inandichitira chifundo. Ikanakhala bata, ndikanadina msanga n'kudzuka kusasa malaya, ndipo Adada pondifunsa ndikanangowapatsa pepala limene maso awo sakanatha kuliona.