Nsomba za Chipepeso

Ndinataya damu la nsomba limene malemu amuna anga anakumba ndi manja awo, ndipo ndinalitaya chifukwa cholandira mphatso imene ndinayenera kuikayikira. Inu owerenga, makamaka amene mukuweta nsomba, ndimvereni. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaona ndi maso angawa ndizinena mmene zinayendera.

Kwathu ndi ku Nathenje, koma ndinakwatiwa chitengwa kumudzi wina kuseri kwa Mitundu. Amuna angawo, bambo a Tadala, atatopa ndi fodya anakumba damu kudambo la makolo awo n'kuyamba kuweta makumba. Pambali pake anakumbanso kadamu kakang'ono, ndipo nsomba iliyonse yochokera kwina inkayamba yakhala mmenemo. Ndikawafunsa chifukwa chake ankangoseka, amvekere, "Mlendo salowa kuchipinda tsiku lofika." Ine ndinkangoti ndi nthabwala zawo. Yanga inali kuwaza madeya ndi kukagulitsa nsomba pamsika.

Atamwalira, abale awo anakhala pansi. Ena ankafuna andisudzule ndibwerere kwathu. Apongozi anga aakazi anati ndikhale, bola damu liziyenda kuti ana azidyera pomwepo. Choncho chimene chinkandisunga pamudzipo ndi damu lija. Aliyense ankadziwa, inenso ndinkadziwa.

M'nyengo yozizira, alamu anga, akulu awo a malemu, anatulukira pa njinga yamoto atamangirira zigubu ziwiri. Iwowa anali akamwini kumudzi wina, ndipo kumeneko analinso ndi damu. Ndinali nditamva kuti chilimwe chapitacho nsomba zawo zambiri zinafa ndi matenda.

"Mlamu, pamaliro paja ndinabwera chimanjamanja," anatero. "Chipepeso changa ndi ichi. Izi ndi zimene zinapulumuka mliri uja, zolimba ngati chimanga cha makolo. Zofooka zonse zinapita."

Inu owerenga, mukanakhala inu mukanatani? Ife alimi timasankha mbewu pachimanga chimene chapirira ng'amba, ndiye mawu awo anandilowa bwinobwino. Komanso chipepeso sachikana, nanji mkazi wamasiye wokhala pamudzi pa eni. Nsombazo zinali zonenepa, zikuphiriphitha m'zigubu, zopanda ndi bala lomwe. Kadamu kaja kanali katatsala matope okhaokha chifukwa ndinkatungamo madzi othirira mpiru. Alamu anakhuthulira zigubu zonse m'damu lalikulu, ine nditagwada pambali, ndikuwomba m'manja.

Miyezi yozizira inatha popanda vuto. Kutafika kutentha kwa Okutobala, madzi atatsika, ndinayamba kuona nsomba zina zikusambira mozungulirazungulira ngati zaledzera. Zina maso anatong'oka, zina mimba zinatupa, zina zinali ndi zilonda zofiira m'mbali. M'mawa uliwonse ndinkavuula zoyandama chagada n'kukazikwirira msanga kuti apamudzi asaone. Mayi wina kumsika anandiuza zogula makapisozi n'kumasakaniza m'madeya. Ndinatero, ndipo imfa zija zinachepa. Ndinakathokoza Mulungu kutchalitchi. Mankhwala atangotha zinayambiranso, mwaukali kuposa poyamba. Ndinagulanso ena, zinachepanso, kenako n'kubwereranso. Ndinafika poganiza kuti wina wandilodzera damu.

Amene anandimasulira ndi mlangizi wa za nsomba, mayi wachitsikana amene anabwera nditakadandaula ku ofesi ya zaulimi. Sanatole nsomba yakufa ayi. Anagwira yamoyo, yooneka bwino, n'kuitumbula ine ndikuona. M'kati, pakapamba ndi paimpso, panali timadontho toyera ngati mchenga. Anatenga zina kukaziyeza m'tauni, ndipo atabwerako anandikhazika pamkumbira wa damu n'kundiuza pang'onopang'ono.

Anati thupi la nsomba, ngati lathuli, linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Ena mwa maselowo ndi alonda, ntchito yawo ndi kumeza tizilombo toyambitsa matenda n'kutigaya. Koma pali mabakiteriya ena amene akamezedwa sagayika. Amatseka njira imene selo limawagayira, n'kukhazikika mmenemo, kumadya ndi kuswana momwemo. Thupi siliwaonanso chifukwa ali m'kati mwa mlonda wake yemwe, ndipo mlondayo poyenda ndi magazi amawanyamula thupi lonse.

"Mayi, nankafumbwe mumamudziwa," anatero. "Akalowa m'kati mwa njere, chimanga kunja chimaoneka chabwinobwino. Makapisozi anu aja amapha amene ali panja. Amene ali m'kati amangodikira."

Anati amadikira kutenthe, madzi achepe, nsomba ifooke. Pamenepo amaphulitsa selo lija n'kutuluka ambirimbiri, kulowa m'madzi ndi m'nsomba zina. Ndiye kuti nsomba zopulumuka mliri zija sizinali zolimba monga ankanenera alamu. Zambiri zinali nkhokwe za matendawo. Ananenanso kuti makapisozi ogula pamsika amangowazoloweza mankhwala mabakiteriyawo, ndipo nsomba zimene zadya makapisoziwo si zogulitsa kwa anthu. Chotsala chinali kuphwetsa damu, kukwirira nsomba zonse, kuwaza laimu ndi kulisiya liume.

Tinaphwetsa ine ndi Tadala, mwana wanga woyamba. M'dzenje lokwiriramo nsomba munalowa ndi makumba aakulu amene bambo ake anasiya kuti aziswana. Tsiku limenelo ndinalira ngati maliro ayambiranso.

Damu lisanaume n'komwe, abale a malemu anaitanitsa zokambirana. Ndinafotokoza zonse zimene mlangizi ananena. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ine ndinabweretsa nsomba zamoyo, zikusambira, mudzi wonse unaona. Kachilombo kobisala m'nsomba yonenepa munakaona ndinu, mlamu? Tingonena zoona, damu lakukanani."

Anthu anaseka nawo. Apongozi anga anangoyang'ana pansi. Anandisudzula mvula isanagwe, ndipo ndinakwera galimoto ndi ana anga ndi mitolo yathu kubwerera ku Nathenje. Pano ndikulima kamunda kamene achemwali anga anandidulira. Dambo lija anapatsa alamu, amene kuchikamwini kuja analibe malo awoawo kuyambira kale. Anakwirira damu lonse n'kubzalapo tomato.

Ngati iwowo ankadziwa chimene chinali m'zigubu zija, sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Masiku ena ndimati nawonso anali mumdima ngati ine. Masiku ena ndimakumbukira mmene anafulumirira kukhuthula okha, osandipatsa mpata wogwira chigubu.

Inu owerenga, nsomba si chimanga. Yopulumuka mliri musaiyese mbewu, ngakhale inenepe chotani. Musanathire nsomba yachilendo m'damu lanu, funsani za damu limene yachokera, ndipo mukamva kuti kunagwa matenda, ikaneni. Nsomba zikayamba kufa thamangirani kwa mlangizi, osati kwa ogulitsa makapisozi, ndipo musamabise ngati mmene ndinkabisira ine. Amayi anzanga amasiye, inu ndiye ndikukupemphani kwambiri. Ulemu ndi wabwino, koma tsiku lokuthamangitsani palibe amene adzakumbuke kuti munagwada. Ngati kukana kwakuvutani, landirani, thokozani, koma chigubucho chinyamuleni nokha, ndipo kadamu kapambali musakaphwetse.

Mwezi watha ndinapita kukalambula pamanda a bambo a Tadala. Njira yake imadutsa kudambo kuja. Tomato wa alamu wabereka bwino zedi, ndipo wobiriwira kwambiri ali pamene tinakwirira nsomba paja. Kadamu kaja kokha anakasiya, ndi mmene akutungamo madzi othirira.