Thalauzi Langa ku Myuziyamu ya Akazitape

Tinanyamuka ku Hamilton m'mawa wa Loweruka, chisanu chikuluma makutu. Ine ndinali namwino pachipatala china kumeneko. Mnzanga wa ulendo anali a Mwale, amene anali atangofika kuchokera ku Zomba kudzaphunzira, wowatumiza ndi boma. Abusa a kutchalitchi kwathu ndiwo anandipempha kuti ndikawaonetse dziko. A Mwale atanena kuti akufuna kukaona myuziyamu ya akazitape ku Oshawa, ndinayamba kuwakayikira. Malo onsewa, munthu wa boma n'kusankha kumeneko?

Masiku amenewo kwathu mkazi kuvala thalauzi unali mlandu, ndipo tonse tinkadziwa kuti makutu a boma amawoloka nyanja. Ine ndinavalabe langa labulauni, miyendo ndi yanga. Koma nditaona kamera ikulendewera pakhosi pa a Mwale, kulimba mtima konse kunathera pa siteshoni pomwepo. Bambo anga anali mphunzitsi wamkulu ku Ntcheu. Chithunzi chimodzi chikanakwana kuwachotsetsa ntchito.

Basi ya ku Toronto tinalipira madola awiri aliyense. Kumeneko tinakwera sitima yodutsa m'mbali mwa nyanja mpaka ku Pickering, kenako basi ina. Njira yonse a Mwale anali kalikiliki kujambula: fakitale, njanji, ngakhale galu wovala juzi. Ine ndinafunditsa miyendo ndi jasi ngati wodwala malungo.

"Achemwali, mwazizidwa?"

"Ayi, ndimakhala chonchi."

Tinafika masana. Myuziyamu yakeyo, abale, kanali kanyumba chabe pafupi ndi bwalo la ndege, konunkha fumbi ndi girizi. Mkulu wina wa imvi anatilandira, n'kutiuza kuti nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kufupi komweko kunali msasa wophunzitsira akazitape. Anationetsa wailesi yobisidwa m'sutikesi, mapu olembedwa pa kansalu, ndi kakamera kokwana m'bokosi la machesi. Kenako anafunsa moseka ngati kwathu kuli akazitape.

"Kulibe!" tinayankha tonse awiri pamodzi, msangamsanga.

Mkuluyo anatiyang'ana, n'kuyamba kufotokoza za parachuti.

Titatuluka ndinaima pakhomo kuti ndimange bwino mpango, jasi lili pululu. Ndinangomva khethe! Potembenuka, a Mwale anali akumwetulira, kamera ili m'manja.

Tinalowa m'kalesitilanti koyandikira, tinaitanitsa supu wa nsawawa ndi buledi. Wanga anazizira ndikungomutakasa. Mapeto ake ndinalephera kupirira.

"A Mwale, ine ndikuchita mantha. Chithunzi chija chipita kwa yani?"

"Kwa mayi anga. Ndimati aone kuti kuno ndili ndi anthu."

"Nanga ku positi kwathu makalata sawatsegula?"

Anayang'ana miyendo yanga, ndipo ndinaona kuti thalauzilo akuliona kumene tsopano. Kenako anatsegula kamera kumbuyo, n'kusolola filimu yonse pawindo, dzuwa likuwala, kuti zithunzi zonse zifufutike.

"Iii, a Mwale! Munali chiyani mmenemo?"

"Ndege imene ndinabwerera. Chipinda changa. Chipale chofewa choyamba kuchiona." Anaikulunga filimuyo pachala. "Musadandaule. Inenso chifikireni ndakhala ndikukuopani. Ponyamuka anandichenjeza kuti wokukomera mtima kunja ndiye wokunenera."

Ndinafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatsogola.

Pobwerera sitima inali yofunda, ndipo jasi ndinalipachika pa mbedza. A Mwale anagona tisanafike ku Scarborough, kukamwa kuli yasa. Tinalowa mu Hamilton nyale za m'misewu zitayaka kale.

Zida za akazitape a eni dziko tinaziona zili m'magalasi, zitachita dzimbiri, ana asukulu akuziloza n'kumaseka. Ukazitape wa kwathu sunkafuna zida, tinkayenda nawo tokha m'mimba. Bambo anga anagwira ntchito yawo mpaka kupuma. Koma mayi a a Mwale anamwalira chaka chotsatira, asanaone n'chithunzi chimodzi chomwe cha mwana wawo ataima m'chipale.