Nkhanga ya Mayi Hadija

"Iwe Wongani, unayamba waona nkhanga yaikulu ngati theka la tauni ya Cuamba?"

Ofunsawo anali Mayi Hadija, aja oyenda ndi beseni la mandasi pamutu kuchokera ku estasau ya sitima mpaka kumsika. Ine chisiyireni sukulu ndinkangokhala pakhonde, kudzijambula nkhope, kudikira kuti wina pa intaneti andione.

Mwana wawo Ismaeli, wokhala ku Nampula, anawagulira telefoni yolemba mzere wofiira pamapa paliponse pamene aponda. Iye ankafuna kudziwa ngati mayi ake sakudzitopetsa. Iwo anaonamo zina. Cholembera sanachigwirepo, koma ndi mapazi anali atajambula kale pamapapo mtondo ndi khasu, uku akugulitsa.

"Mdzukulu wanga Yasmini walamula nkhanga, akuti lero lomwe. Bateriya ndi yokalamba ngati ine. Tiye, uzindiwerengera mapawa."

Tinalowa timipata tomwe ine, wobadwira konkuno, sindinkatidziwa: kuseri kwa chigayo, pakati pa mipanda ya nsungwi, pakhomo pa bambo wina woweta nkhunda zambirimbiri. Msana wa mbalame unatuluka, kenako khosi. Titafika pamutu tinapeza masamba atayalidwa panjira. Maliro.

"Mayi, tidutse msangamsanga, telefoni izima!"

"Udutse maliro ngati galu? Anakulera ndani?"

Anatula beseni, namanga telefoni pamfundo ya chitenje, nakakhala ndi azimayi. Ine kwa azibambo, ndikungowerenga mphindi. Titanyamuka tinangoyenda chifuwa ndi mimba, telefoni n'kuzima. Miyendo osafikako.

Kunyumba telefoni itadzuka, tinayang'ana mapa aja. Nthawi yonse tinakhala pansi ija kadontho kosonyeza pomwe tili sikanakhazikike, kankangozungulira pamalo amodzimodzi mpaka kupanga chibanga chobulungira pakati pa mutu. Diso! Nkhanga yonse inali gone pamwamba pa nyumba zathu, mchira pa njanji, ikutiyang'ana kuchokera pakhomo la anamfedwa aja.

Mayi Hadija anaitumiza ku Nampula, Yasmini n'kuimba pomwepo.

"Agogo, ilibe miyendo!"

"Yakhalira mazira, mwanawe."

"Nanga mazirawo ali kuti?"

Mayi Hadija anasisita maondo awo otupa. Pansi pa mimba ya mbalameyo pali bairo ina ya m'tauni yathu yomwe sindinapondemo chibadwire. Ndinatsimikiza mtima pomwepo kuti mawa beseni ndisenza ndine, ndipo mazirawo ndikawayenda ndekha.