Tinapita kumaliro a Mulipa, tinawapeza akusenda chinangwa

Lachiwiri lapitali ndinapita kumaliro a munthu wamoyo. Musafulumire kundiseka, sindinali ndekha. Tinali chigulu, ndi kwaya yomwe.

Sukulu yomwe ndimaphunzitsa ili m'kati mwa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo kuseri kwa kalasi langa kuli shedi yomwe othyola tiyi amapimitsira masamba. Kalaliki wa pasikelo salekana ndi wailesi yake. Tsikulo dzuwa litakwera, wailesiyo inaika nyimbo ya a Mulipa.

Achinyamata simungawadziwe. A Mulipa ndi mkulu wa kufupi ndi ku Khonjeni. Kale ankathyola tiyi pa esiteti yomweyi, Loweruka n'kumaimba banjo yopanga okha ndi chitini cha mafuta. Nyimbo zawo makolo athu anavina mpaka nsapato kutha zidendene. Koma papita zaka zambiri wailesi isanawakumbukeko.

Nyimbo yoyamba, amayi a pamzere wa sikelo ananyadira, ena kugwedeza chiuno dengu lili kumsana. Inabwera yachiwiri, ya a Mulipa omwewo. Kuseka kunachepa. Itayamba yachitatu, muulutsi ali duu, mayi a Esinati, mtsogoleri wa kwaya ya amayi, anatula dengu pansi n'kugwira m'mutu.

"Mayo ine! A Mulipa atisiya!"

Palibe anafunsa kuti uthengawo wabwera ndi ndani. Tifunsirenji? Khalidwe la wailesi zathu timalidziwa. Woimba wakale akamveka kamodzi, ndi ngozi chabe. Kawiri, ndiye kuti wagonekedwa kuchipatala. Koma katatu motsatizana, abale, kasakeni makasu.

Wina anayesa kuwaimbira foni, osapezeka. Basi umboni unakwana.

Kuno munthu sachoka m'munda mwachisawawa, makamaka nyengo ino ya mvula pamene tiyi akuphuka ngati wachita kutumidwa. Ukwati umadikira Loweruka, mutu ukamapweteka umathyola ukubuula. Koma maliro a wantchito wakale, apo ngakhale manijala amavula chipewa. A Likaka, kapitawo wa gululo, anathamangira ku ofesi n'kubwera ndi chilolezo. Amayi anadzera m'makomo kukatapa ufa ndi kumanga timitolo ta nkhuni. Nane ndinatsanzika kwa ahedi n'kulondola.

M'njira monse ndinkalemba m'mutu ndemanga yanga ya m'nyuzi ya sabata ino. Inali yokoma bwanji! Munali chipilala chagwa, munali dziko lataya mwana wake. Ndinkachita kudzimvera chisoni ndekha.

Mwambo mukuudziwa: amayi sayamba kulira ali kutali, amadikira denga la nyumba ya maliro lionekere. Denga litaonekera, mayi a Esinati anatsogolera, anzawo n'kulandira. Tinakhota pa nthochi, n'kulowa pabwalo.

A Mulipa anali pakhonde, miyendo ali tambalale, akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Pambali pawo panali kawailesi.

Ataona amayi akulira, anaika mpeni pansi, anavula chipewa n'kudzuka mwaulemu.

"Pepani, pepani anthuni. Watisiya ndani?"

Kulira kunazima ngati wina wathira madzi pamoto. Panatsala mayi mmodzi kumbuyo yemwe sankaona kutsogolo, iye anapitirizabe mpaka mnzake anamugunyuza.

"Ndi inuyo, bambo," anatero mayi a Esinati, maso ali pansi.

"Ine? Liti?"

"Pa wailesi paja. Zitatu zotsatizana."

A Mulipa anagwedeza mutu. "Iii, apo sindikukudzudzulani. Inenso itafika yachitatu ija ndinadzigwira pamtima kuti ndimve ngati ukugunda."

Akazi awo anasuzumira pakhomo. "Ine ndinachita kuwatsina. Nanga foni ili kotchajitsa ku Khonjeni, tikanafunsa ndani?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Koma ine ndinkayang'ana nkhope ya mkuluyo. Maso awo ankayenda pa khamulo, mmodzimmodzi, ndipo ankawala. Analowa m'nyumba mothamanga kuposa msinkhu wawo, n'kutuluka ndi banjo.

"Poti mwabwera kale, khalani pansi. Ndili ndi nyimbo zatsopano. Zaka zonsezi akuzimva ndi mayi anuwa ndi nkhuku basi."

Apa m'pamene a Likaka anatsokomola.

"Bambo, pepani. Pemishoni tatenga ndi ya maliro. Poti maliro palibe, anthuwa akuyenera kubwerera kumunda. Thalakitala ikudikira masamba."

"Imodzi yokha, mwanawe."

"Nanga kwa bwana ndikanena kuti chiyani? Kuti tinali ku dansi?"

"Ndiye ndigone pamphasa, mundifunditse nsalu, ndiziimbira m'katimo?"

Anthu anasekanso, koma a Mulipa sanaseke nawo. Amayi anasenza nkhuni zawo. Mayi a Esinati anamanganso kaufa kawo pansalu, n'kutsanzika mwaulemu wonse: "Tikasunga, bambo. Tsiku lake lilipo."

A Likaka sindikuwaimba mlandu. Ali ndi bwana, bwanayo alinso ndi wake. Koma tadzifunsani nokha: ndi anthu otani ife, oti mtembo tili nayo nthawi, koma mwini mtembo tilibe nayo?

Oimba athu akale timawakonda kwambiri, bola akhale chete. Paukwati timaitana mnyamata wa masipika ndi kamemore khadi, mkulu wa banjo ali khomo lachitatu, akumvera phokosolo ali pampando wake. Anyamata ojambula mafilimu m'matauni akafuna kuti oonera agwetse misozi, amatenga kabanjo ka mkulu wina n'kukaika pomwe mayi wa mufilimu akuthamangitsidwa pabanja. Dzina la mwini nyimbo mudzalifuna mpaka maso kuwawa, pomwe wophika tiyi wa ojambulawo walembedwa. Woimba wachinyamata amatola nyimbo ya agogo, kuithira zing'oma za pakompyuta, n'kumauza atolankhani kuti inamubwerera kutulo.

Ndiye tsiku lija likafika, tonse timasanduka akatswiri. Akuluakulu amabwera ndi nkhata za maluwa zazikulu kuposa chitseko cha nyumba ya malemuyo. Amalonjeza kuti nyimbo zake zisungidwa. Wailesi imaziimba kuyambira m'mawa, mwini wake atatsekedwa kale makutu ndi thonje.

Mnzanga wina wogwira ntchito ku wailesiko wandiuza chomwe chinachitika. Muulutsi anatsakamira pamzere wa petulo, ndiye wokonza makina, poopa kuti wailesi ingakhale zii, anangodina pomwe chala chinagwera. Ulemu waukulu womwe a Mulipa alandira m'zaka zonsezi unabwera ndi kusowa kwa mafuta.

Ine ndinatsala pakhonde paja, poti ana anali ataweruka kale. A Mulipa anakunga nsambo, n'kuimbira ine, akazi awo ndi nkhuku zija. Mawu ayamba kunjenjemera, koma zala zikadali zawo. Nyimboyo imangotchula mayina a anthu omwe ankathyola nawo tiyi, mzere ndi mzere, aliyense ndi kakhalidwe kake: uyu ankabisa mwala m'dengu, uyu ankaimba mvula ikamagwa. Ambiri anapita kale. Pakati pa mayinawo ndinamva la mayi awo a mayi a Esinati. Mwana wawo nthawi imeneyo anali atafika kale kumunda, ufa uli pamutu.

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikundiwawabe.

Atamaliza anapukuta banjo ndi malaya, n'kundiperekeza mpaka pa nthochi.

"Aphunzitsi, paja inu mumalemba m'nyuzi. Mukawauze a wailesiwo kuti nyimbo zatsopano zilipo. Ngati lamulo lake ndi loti ndiyambe ndafa, andiuze tsiku lomwe ali ndi mpata, ndione ngati ndingakwanitse."