Chidendene pa Chipika cha Mkungudza

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Wyson, wocheka matabwa a mkungudza pa phiri la Mulanje, zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani.

Tsiku limene anabwerera ku ntchito bala la m'mutu litapola, Wyson anathyola macheka. Nthambi inali itamugwera m'mbuyomo, ndipo ku chipatala cha mishoni anamuuza kuti ubongo unavulala pamalo poyezera kanthawi kochepa. M'mawa ndi madzulo ankasiyanitsa bwinobwino, koma kuphethira kwa diso ndi kupuma kamodzi zinali zofanana kwa iye.

Tsono macheka ndi a anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, kukoka mosinthana. Wyson, wam'dzenje, ankakoka mnzake asanamalize kukweza, pena n'kuchedwa. Ocheka anzake onse anamukana. Anatsika phiri akulira, bambo wa ana anayi, manja amphamvu koma opanda ntchito.

Mkazi wake Esteri, wothyola tiyi, sanali munthu wochulutsa mapepani. Anangomupatsa musi.

"Tisinje mtondo umodzi, bambo," anatero. "Mutuwo ukukunamizani, usiyeni. Mukamva ndati 'hii', tsitsani musi."

Misi inagundana, chimanga chinamwazika, nkhuku zinanenepa. Amuna odutsa ankaseka kuti Wyson amudyetsa khuzumule. Zinkamuwawa kwambiri, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika nyengo yokolola, misi iwiri ija inali ikupatsana mpata ngati yapangana. Wyson anazindikira kuti ngakhale mutu sungayeze nthawi, manja angathe kumvera khutu.

Anakwera phiri kukapeza Bizwick, mwini macheka anathyoka aja.

"Achimwene, ndiyeseni kamodzi kokha. Mukakweza macheka, muzimenya chipika ndi chidendene. Ndikamva, ndikoka."

Bizwick anayankha kuti iye sanakwere phiri kudzavina tchopa. Komabe anakwera pa chipika, mwina chifukwa cha chisoni, mwina pofuna kuti munthuyu agonje asiye kuvuta.

Chidendene chinati di, Wyson n'kukoka. Chinatinso di, iye n'kukokanso. Utuchi wonunkhira unayamba kumugwera kumaso, ndipo sanaupukute poopa kuphonya. Thabwa litalekana ndi chipika, Bizwick analiyang'ana m'mbali diso limodzi atatsinzina. Linali lowongoka.

"Mawa mulawire," anatero. "Zipika zilipo zambiri."

Ubongo uja sunachire ayi. Mpaka ukalamba, Wyson akamawomba m'manja kutchalitchi ankasokoneza nyimbo, ana n'kumaseka, iye n'kuseka nawo. Koma benchi limene ankakhalapo anawo linali la matabwa ake.

Nanunso, ngati chinachake chinathyoka mwa inu ndipo sichikubwerera, musangokhala n'kumachidikira. Funani njira ina, pemphani mnzanu akumenyereni chidendene, ndipo mukamva, kokani. Mtima wokhawo musautaye.