A Wadi Awiri pa Nambala Imodzi

Che Zubair anabadwira ku Chowe, ndipo sukulu analekera sitandade folo. Za mawaya anaphunzira kwa Che Hamisi, munthu wothawa nkhondo ku Mozambiki, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika wa Mangochi. Che Hamisi anali ndi lamulo limodzi: usanamasule chinthu, yamba wachimvetsera. Pobwerera kwawo anasiyira Che Zubair benchi, chowotcherera mawaya ndi lamulolo.

Makompyuta atafika m'maofesi a pa boma, anthu ankawanyamulira kwa Che Zubair poti kunalibe wina. Awiri oyamba anawapsereza, ndipo sabisa. Masiku ano okonza mafoni adzaza msewu wonse ndipo amatcha Che Zubair kuti "a Kaseti". Pansi pa benchi yawo pali chitini cha mabisiketi chodzaza zipangizo za makina amene anasiya kupangidwa onyozawo akadali kumbuyo kwa amayi awo.

Lachiwiri lina m'mawa anafika akabaza awiri. Wina ananyamula mayi wachikulire, winayo katoni yomanga ndi chingwe cha khoka. Mayiwo anali Abiti Osmani a ku Makanjira. Atapatsana salamu, anakhala pa mpando wa makasitomala n'kuloza katoniyo.

"M'menemo muli amuna anga."

"Mwawapinda bwanji?" anafunsa Che Zubair.

"Anali ochepa thupi. Tamasulani, bambo."

Munali kompyuta yakale, yoyera kale koma tsopano yofiirira ngati dzino. Abiti Osmani anafotokoza kuti zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo kunabwera bungwe lina kudzafunsa asodzi za nyanja, n'kujambula mawu awo. Bungwelo linatseka, kompyuta inatsala kwa kalaliki wake, ndipo kwa zaka zonsezi ankaikapo nyali. Amuna awo, Che Wadi, anamwalira chaka chatha. Analibe foni, ankakana kujambulidwa, ndiye mawu awo sanatsale pena paliponse koma m'bokosimo.

"Ndikufuna ndiwamve kamodzi. Lole ya kwathu inyamuka ikatha swala ya masana ku mzikiti, ndipo mwini kompyuta akuifuna lero lomwe. Nyali yake ili pansi."

Che Zubair anapemerera fumbi, n'kulumikiza sikirini yawo. Kompyuta inatsokomola, n'kudzuka. Mndandanda wa mayina unalimo, ndipo pakati pake panalembedwa WADI. Koma kotulutsira mawuwo kunalibe. Pobaya fulashi panalibe, ndipo khadi ya mawu, kabolodi kamene kamapatsa kompyuta pakamwa, inali itadyeka ndi dzimbiri. Anavundukula chitini chija, natulutsa khadi ina yokulunga m'nyuzipepala. Anailowetsa pa mpata wake, analumikiza sipika, n'kudina dzinalo.

"Wa-wa-wa-wa-wa," inatero sipika. Kenako chilichonse chinauma, ngakhale kamuvi ka pa sikirini.

"Amuna anga sankachita chibwibwi," anatero Abiti Osmani.

Che Zubair anasintha sipika: wa-wa-wa. Anachotsa khadi, napukuta mano ake ndi labala ya pensulo: wa-wa-wa. Anaisamutsira pa mpata wina, anayatsanso, n'kudikira mphindi zinayi zimene kompyutayo inkafuna kuti itsegule maso. Chimodzimodzi. Dzuwa linali litafika pa denga la malata, ndipo thukuta linkagwera m'bokosimo. Tikhala, mayi wokonza mafoni pa khomo loyandikana, anasuzumira.

"A Kaseti, mbuzi mukuzingayo mutigawireko."

"Pitani mukamate magalasi," anayankha osacheuka.

Apa m'pamene anakumbukira kuti aphwanya lamulo la Che Hamisi. Anaika sikuludiraiva pansi, nadinanso dzinalo, n'kumvetsera. Liwu silinali lophwanyika ayi. Linkayamba bwinobwino, koma likangoti litenge mpweya, china chake chinkalidula pakamwa.

Abiti Osmani anali akucheza okha, monga achitira anthu akatopa ndi kudikira. "Kwathu kunali a Wadi awiri, amuna anga ndi msuweni wawo. Ukaitana pa doko kuti Wadi, onse awiri ankatembenuka. Wina ayambe kuyankha, winayo amulande mawu, iwe osamva kanthu. Mpaka tinachita kuwapatsa mayina: Wadi wa Usipa ndi Wadi Wamtali."

Che Zubair anatembenukira ku sikirini. Kenako anatsegula pamene kompyuta imalembapo ziwalo zake zonse. Pambali pa khadi ya mawu panali kachizindikiro kachikasu. Anawerenga manambala, chinthu chokha chimene sukulu inawapatsa. M'makina akalewa chiwalo chilichonse chimakhala ndi nambala yake yoitanirana ndi ubongo wa kompyuta. Khadi ya mawu inali pa faifi. Khadi ina, imene kale inkalumikiza makompyuta a mu ofesi ija, nayonso inali pa faifi.

"Mayi, a Wadi anu awiri ali muno."

Akanatha kungozula khadi inayo, koma kompyuta sinali yawo, ndipo Che Zubair sabweza chinthu cha mwini chili ndi chibowo. Anazimitsa, natulutsa khadi ya mawu. Pakona pake panali timano tating'ono tolembedwa faifi, seveni ndi teni, ndi kachipewa kakuda konga njere ya mpunga kovala pa faifi. Seveni ndi wa pulinta. Teni analibe mwini. Koma zala za Che Zubair zinali zazikulu, ndipo kopanira kawo anali atabwereka Tikhala sabata yatha.

Abiti Osmani anasolola phini pa mpango wawo. "Musandiyang'ane. Gwirani ntchito."

Ndi phiniyo anatokosa kachipewako n'kukaveka pa teni. Anabwezera khadi, anayatsa, nauza kompyuta nambala yatsopano. Kachikasu kaja kanazimirira. Ku mzikiti azana, yoitanira anthu ku swala, inali itayamba. Abiti Osmani anatulutsa foni yawo ya mabatani, Tikhala anabweranso n'kuwasonyeza pojambulira mawu, ndipo Che Zubair anadina.

"Wadi ndine," linatero liwu lokhuthala. "Pa doko lino palibe wondiposa."

Nkhope ya mayiwo inagwa. "Ameneyo ndi Wamtali. Akadali moyo, ndimamumva tsiku ndi tsiku ndisakufuna."

Che Zubair anafufuza mndandanda wonse. Wadi wina munalibe. A bungwe aja anamva dzina limodzi, nalemba munthu mmodzi. Anafuna kunena pepani, koma sipika inali ikulankhulabe, ndipo sanaizimitse.

"Usiku umodzi wokha ndinapha usipa ndowa makumi awiri," Wamtali ankadzitama.

Chapatali pang'ono, kumbuyo kwa phokoso la mafunde, kunamveka liwu lina, lopyapyala, losafulumira. "Bodza limenelo, achimwene. Zinali khumi ndi ziwiri, ndipo bwato linali langa. Alembe zoona azunguwa."

Wamtali anayamba kukana, winayo osamusiya, mpaka wofunsa mafunso uja anangoseka. Anakangana mphindi zisanu ndi imodzi.

Abiti Osmani anagwira foni pafupi ndi sipika mpaka mawu anatha. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango umene tsopano unali utayamba kutsetsereka.

"Ndi amenewo," anatero. "Koma nawonso anama. Zinali naini. Ndinayanika ndine."

Tikhala anathamanga kukaitana akabaza. Che Zubair anamanga katoni ndi chingwe chomwe chija, khadi yawo ili momwemo, poti anati kompyuta imene yaphunzira kulankhula saitsekanso pakamwa. Anabweza phini. Wakabaza atayamba kupalasa kulowera kokwerera lole, mayiwo anali ataika kale foni kukhutu, akutsutsana nawo amuna awo za ndowa zitatu zija.