Ndidakweza Alamu Anga Njira ya Anyani

Amene adapundula mwamuna wa mlongo wanga ndine. Sindidawamenye, sindidawakankhe, koma dzanja ndi mwendo wakumanzere umene akukoka lerowu ndidawaphera ndine, chifukwa cha nthabwala. Kumudzi kwathu nkhaniyi aipotoza kale, aliyense akunena zake, ndipo ndikamamva ndimapsa mtima. Ndiye inu owerenga, imvani kwa mwini wake.

Kwathu ndi kufupi ndi Tsangano, m'boma la Ntcheu, kumene ndimalima mbatata ya kachewere ndi kabichi. Kuseri kwa mudzi wathu kuli phiri loti ukafika pamwamba pake umaona midzi ya ku Mozambiki. Phirili lili ndi njira zitatu, ndipo mwana aliyense wobadwira kuno amazidziwa. Yoyamba timati ya ng'ombe. Imazungulira kutali koma njosalala, ngakhale mayi anga ndi mawondo awo ovutawo amakwera. Yachiwiri ndi ya nkhuni, imene amayi amadzera kokatola nkhuni. Ili ndi zitunda zotulutsa thukuta, komabe ili ndi mithunzi, ndipo pakati pake pali kasupe. Yachitatu ndi ya anyani. Iyi imalunjika pamiyala, pena umachita kukwawa ndi manja, moti ngakhale ife eni akefe timadzeramo pokhapokha mbuzi ikasochera.

Mlongo wanga Esinati adakwatiwa ku Blantyre ndi a Mbewe, munthu wa mu ofesi, wathupi, wokonda kuseka. Chilamu chathu chidali chotentha. Iwo ankanditchula kuti a Kachewere, ine ndinkawatchula kuti a Chimimba, zonse zinkathera m'phwete. Koma panali nthabwala imodzi imene idandikhala pakhosi. Ulendo wina nditakawachezera m'tauni ndidatsegula mpopi wa madzi otentha m'bafa mosadziwa, n'kutuluka ndikukuwa, sopo ali thupi lonse. A Mbewe adafotokozera anzawo onse nkhaniyi ine ndili pomwepo, mpaka kutsanzira kukuwa kwanga. Ndidaseka nawo, koma mumtima ndidati tsiku lina adzabwera kwathu.

Adabweradi, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Adabwera ndi Esinati pagalimoto yawo kudzaona mayi. Nthawi imeneyo n'kuti a dokotala atawapeza ndi matenda othamanga magazi, n'kuwauza kuti azimwa mankhwala komanso aziyenda wapansi. Ndiye m'mawa uliwonse ankazungulira ndi anzawo m'misewu ya kwawoko, foni ikuwawerengera mapazi, ndipo ankanyadira kwambiri. Ataona phiri lathu adati sabwerera asanakaone Mozambiki ndi maso.

M'mawa wa tsikulo Esinati adandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Adandiuza za matendawo, kenaka adati, “Achimwene, muwadzeretse ya ng'ombe. Akatopa mubwerere nawo, musawakakamize.” Ndidavomera. Ndikufuna mumvetse bwino pamenepa: ndidauzidwa, ndidamva, ndipo ndidavomera ndi pakamwa pangapa.

Potuluka m'mudzi tidakumana ndi msuweni wanga Layisoni, munthu woti pamene pali phokoso sasowapo, ndipo adati atiperekeze. Titafika patsinde pa phiri, pamene njira zimasiyana, adandikodola n'kundinong'oneza kuti lero tiwaone a m'tauni. Kenaka adaloza ya ng'ombe n'kunena mokweza kuti imeneyo ndi ya nkhalamba ndi amayi oyembekezera, amuna amadzera iyi. A Mbewe adayang'ana miyala ija, adayang'ana ine, n'kufunsa, “A Kachewere, inu mukuti bwanji? Munthu ngati ine ndingathe?”

Layisoni sankadziwa za matenda aja. Amene ankadziwa ndine. Koma chimene chidandibwerera m'mutu ndi bafa lija, ndipo ndidayankha kuti, “Ndi pompano alamu, tikangodutsa mwala uwo tafika.”

Inu owerenga, liwu loti pompano limeneli ndadana nalo. Ife anthu akumudzi tili ndi bodza loipa limene sitiliona ngati bodza. Mlendo akafunsa mtunda timati ndi pompano, timaloza ndi mlomo, pamene tikudziwa kuti ndi ulendo wa maola awiri. Timayeza njira ndi miyendo yathu, yozolowera kusenza thumba la mbatata kuchokera kudimba, osaganiza kuti wofunsayo ali ndi miyendo ina ndi mtima wina. Tsiku limenelo ndidawanamiza a Mbewe kawiri ndi liwu lomweli.

Poyamba ankayenda akuseka, akujambula ndi foni. Posakhalitsa kuseka kudatha. Udzu udali utapsa ndi moto wa osaka mbewa, kunalibe mthunzi, miyala ikutentha m'manja. Malaya awo adanyoweratu. Madzi tidatenga botolo limodzi lokha, nalonso Layisoni adamwako theka. A Mbewe ankayenda pang'ono n'kuima, manja ali m'mawondo, akupumira m'kamwa. Ife tinkawadikira pamwamba pa mwala tikuimba mluzu, ndipo ndisakubisireni, mtima wanga unkakondwa.

Chapakati pa phiri njira ya anyani imadutsana ndi ya nkhuni. Pamenepo a Mbewe adakhala pansi, adavula chipewa, adati mutu ukuwagunda ngati mtondo. Adaloza njira ya nkhuni ija n'kufunsa kumene imapita. Apa ndiye pamandiwawa kwambiri. Kasupe adali pafupi, mthunzi udali pafupi, ndipo kutsikira kumeneko tikadafika kumudzi bwinobwino. Ndikadangonena kuti tiyeni tibwerere, mwinanso kunamizira kuti ndatopa ndine, bwenzi lero a Mbewe akuyendetsa galimoto yawo.

Adayankha ndi Layisoni. Adati, “Imapita kumudzi. Ngati mwagonja tsikani alamu, tikawauza apongozi anu kuti mkamwini wawo wathawa phiri.”

Nonse mukudziwa mmene mkamwini amakhalira kwa eni mbumba. Angalolere kukomoka kusiyana n'kuti mbiri imveke m'mudzi wa mkazi wake kuti ndi wofooka. Ife tinkadziwa kuti mawu amenewo sangawakane, n'chifukwa chake Layisoni adawanena, n'chifukwa chake ine ndidamulekerera. A Mbewe adavala chipewa, adadzuka movutikira, adandifunsanso ngati kwatsala patali. Ndidati ndi pompano.

Sitidapite patali. Tili pakati pa miyala iwiri, botolo lidagwa m'dzanja lawo lamanzere. Adawerama kuti alitole koma zala sizinkagwira. Atadzutsa mutu ndidaona kuti pakamwa papotokera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Mukudziwa chimene tidachita? Tidaseka. Tinkaganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Tidasiya kuseka atagwera chammbali n'kumenyetsa phewa pamwala.

Apa m'pamene ndidadziwa kusiyana kwa njira zitatu zija. Zikadachitikira ku ya ng'ombe, ngolo ikadafika pomwepo. Ku ya anyani, anthu awiri sangatsitse munthu wathupi. Mafoni ankangogwira netiweki ya ku Mozambiki. Layisoni adathamangira kumudzi kukaitana anthu, ine ndidatsala nditawagoneka pamiyendo, ndikuwatchinga dzuwa ndi malaya anga. Ankandiyang'ana, akundifinya dzanja ndi dzanja lawo labwinolo, malovu akutsika. Ndidapemphera mapemphero onse amene ndimadziwa. Ndidachita mantha amene sindidachitepo chibadwire.

Amuna asanu ndi mmodzi adafika ndi mitengo iwiri ndi bulangeti. Pamiyala machira sankatheka, tinkachita kupatsirana munthu ngati thumba, mpaka tidafika pamphambano paja n'kutsikira njira ya nkhuni. Tidafika kumudzi dzuwa litapendeka. Esinati sadalire, sadandiyang'anenso. Panalibe wodziwa kuyendetsa galimoto, mpaka bambo wina wachisilamu wa sitolo pa Tsangano adatseka sitolo yake n'kutithamangitsira kuchipatala cha kuboma. A dokotala adati ndi sitiroko, ndipo adanena mosabisa kuti tidachedwa nawo kwambiri.

Patapita milungu iwiri kudabwera malume awo a Mbewe, atakwiya zedi. Adaima pafupi ndi bedi n'kufunsa kuti ndani adatenga munthu wodwala kukamukweza pamiyala. Ine ndidali pomwepo. Nthawi imeneyo mawu a wodwalayo adali atayamba kubwerera pang'ono. Adalimbana ndi lilime lawo kwa kanthawi, kenaka adati, “Ndinasankha ndekha, malume. Alamu anandiletsa.”

Munthu amene ndidamupha mbali imodzi ya thupi ndi amene adandinamira kuti ndipulumuke. Ndipo ine, mwamuna wandevu, ndidaima pamenepo osatsutsa. Ndidatuluka m'chipindamo ndikudziona ngati galu.

Chimene chidandikwiyitsa kwambiri ndi zimene ndidapeza kumudzi. Ena ankati mizimu ya m'phiri idakwiya chifukwa mlendo ankajambula miyala. Ena ankati adamulodza anzake akuntchito olimbirana naye mpando. Ena ankati ndi mmene alili anthu a m'tauni, kudya mafuta kwambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa kuti nanga bwanji sanadzere ya ng'ombe, pamene onsewo njirazo amazidziwa. Layisoni ndiye adasanduka ngwazi. Pamowa ankadzitama kuti pakadapanda liwiro lake mlendo akadafera m'phiri, anthu n'kumamugulira. Tsiku lina ndidamugwira pakhosi pamsika n'kumufunsa ngati waiwala zimene adanena pamphambano paja. Adandiyankha kuti chinali chilamu chabe, ndipo chilamu sichikhala ndi mlandu. Chilamu chotani chosiya ana a mwini akusambitsa bambo awo? Mizimu yanji? Mzimu wake ndidali ine, wovala nsapato za jombo, wodziwa zonse.

Ndidakhala nazo mumtima miyezi isanu, tulo osabwera bwino, chakudya osakoma. Nditakumba mbatata ndidanyamula thumba limodzi n'kukwera basi ya ku Blantyre. Ndidawapeza a Mbewe pabwalo, ntchito atawapumitsa, akuphunzira kuyenda kuchokera pakhomo kufika pageti, ndodo kudzanja lamanja, Esinati atawagwira mbali inayo. Atandiona adamwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope n'kunena kuti a Kachewere afika. Ndikadakonda akadanditukwana.

A Mbewe atakagona ndidamupeza Esinati kuseri akuchapa, ndipo ndidamuuza zonse, za bafa, za pamphambano, za kuseka kuja. Sadasiye kuchapa. Nditamaliza adati, “Mukuganiza kuti sindinkadziwa? Ine ndinabadwira komweko. Mlendo angasankhe bwanji njira imene sakuidziwa? Ndimangodikira kuti ndione ngati mudzanena nokha.” Adafinya malaya, adayanika, kenaka adati, “Ndinakupatsani mwamuna wanga akuyenda, achimwene. Mbatata yanuyo bwererani nayo.”

Masiku ano ndimaona magulu a anthu ochokera m'matauni akubwera Loweruka kudzakwera mapiri athu, ndipo n'zabwino. Koma ndimaonanso anyamata a m'midzi akuwatsogolera onse njira imodzi, wonenepa ndi woonda, wachikulire ndi wachinyamata, chifukwa akufuna kuonetsa mphamvu kapena kuthana nazo msanga. Ndikaona zimenezo magazi amandiwira, ndipo ndimawaimitsa ngakhale anditche wamisala.

Inu amene mumatsogolera alendo kuphiri, funsani kaye ngati wina ali ndi matenda, ndipo muyende ndi mwendo wa wofooka pa onse. Nenani mtunda weniweni, ngati ndi maola atatu nenani kuti atatu. Tengani madzi okwanira. Munthu akakhala pansi n'kunena kuti mutu ukugunda kapena dzanja lachita dzanzi, ulendo watha, tsikani naye msanga, ndipo musadikire kuti apemphe yekha chifukwa manyazi sangamulole. Inunso okwera, njira yozungulira si yochititsa manyazi. Akuluakulu adati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Wina akakusekani kuti mwasankha ya nkhalamba, mulekeni aseke, sadzabwera kudzakusambitsani. Ndipo inu amene muli ndi kachakukhosi ndi mlamu wanu, mubwezereni ndi pakamwa pabwalo anthu akumva, osati ndi thupi lake.

Papita zaka ziwiri tsopano mlongo wanga asanapondenso kwathu. Mayi anga sadziwa chifukwa chake, amangoganiza kuti watanganidwa ndi wodwala. Akamva galimoto ikudutsa kumsewu amatuluka kukasuzumira, kenaka amandifunsa kuti kodi Esinati abwera liti.